Mutu 6: Mazira a Kuseri kwa Firiji

1. Ntchito yosatchulidwa

M'nyumba ina yakale ku Mayfair, mumzinda wa Joni, munkakhala Amalawi okhaokha, ambiri a ku Machinga ndi ku Mangochi. Chipinda chilichonse chinali ndi banja lake. Khitchini inali imodzi, mpopi umodzi, ndipo munthu akayetsemula kumapeto kwa khonde, nyumba yonse inkadziwa kuti wayetsemula ndi uje.

Komabe m'nyumba yopanda chinsinsi imeneyi, a Binali anasunga chawo kwa zaka zambiri. Ukawafunsa za ntchito ankangoti, "Ndimapakira makatoni ku Marlboro." Ngakhale mlongo wawo weniweni, a Asma, ankadziwa za makatoni zomwezo.

Makatoni ake ati! A Binali ankaweta njoka. Sizinali zawo ayi, zinali za mzungu wina amene anachita lendi shedi kuseri kwa mafakitale. Ku Joni kuno alipo anthu amene amatulutsa ndalama zawo n'kugula njoka, kukaisunga pabalaza ngati mphaka. Dziko ndi anthu ake.

Hajara, mwana woyamba wa a Asma, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anadziwa chinsinsichi pa holide ya Disembala. Mnzawo wa ntchito wa a Binali anali atapita kwawo kukadya Khirisimasi, ndipo bwana anati apeze wina wowathandiza. Atatsika takisi ku Marlboro m'mawa wa tsiku loyamba, a Binali anamuimika mtsikanayo m'mbali mwa msewu, namuuza kumene ankapita.

"Hajara, iwe ndiwe mbumba yanga, n'chifukwa chake ndatenga iwe osati mwana wa eni," iwo anatero. "Zimene ukaone uko, ukazisiye komweko. Usauze mnzako. Usauze amayi ako. Anthu akwathu ndi abwino, mwanawe. Ukasowa amakudyetsa, ukamwalira amasonkherana n'kukakutula kumudzi. Koma ikakhala nkhani ya njoka, mitu yawo imaleka kugwira. Akangomva kuti Binali amagwira njoka, sanena kuti ndi ganyu ayi. Anena kuti anakhwima, akuweta yosanza ndalama. Ndi maso angawa ndinaona munthu wa ku Namwera akuthamangitsidwa usana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha kachikopa ka njoka kamene kanagwa m'jekete lake. Kunalibe womufunsa kuti anakatola kuti. Tsono ndilumbirire."

"Wallahi, amalume, sindiuza munthu," anayankha Hajara.

2. Shedi ya zii

Shediyo inalibe windo. Mkati munali mofunda ngati m'khola la nkhuku, ndipo munkanunkha makoswe amene ankawetedwa kuti akhale chakudya cha njoka. Madirowa a pulasitiki anasanjikizana kuyambira pansi mpaka kudenga, dirowa lililonse njoka yake.

Chimene chinamuopsa Hajara sichinali njoka, koma zii wake. Zamoyo zambirimbiri m'nyumba imodzi, koma osamva kulira, osamva kupuma. Nthawi zina kunkangomveka tswaa m'dirowa lina lakumwamba, kenaka zii. Ukamadutsa pakati pa mizereyo, timitu tinkadzuka kuseri kwa pulasitiki n'kumakutsatira, malilime ali laŵilaŵi.

Zinali nsato za mtundu waung'ono, zopanda ululu, zina zoyera mbee, zina zachikasu ngati nthochi yakupsa. Ukazigwira zinkangodzikulunga n'kubisa mutu. Sabata isanathe, mantha a Hajara anayamba kuchepa.

Kachipinda ka mazira ndiko kanamukoka mtima. Mtsikanayu anakulira ku Ntaja pakati pa nkhuku ndi abakha, ndipo za anapiye ankazidziwa kuposa za m'kalasi. M'kachipindamo munali firiji yakale ya zakumwa imene bwana anaisandutsa chofungatira mazira. M'malo moziziritsa, inkafunditsa. Mazirawo anali aakulu kudzaza dzanja, ofewa ngati chikopa, ndipo lililonse linali ndi kamtanda ka pensulo pamwamba.

"Kamtandako ndi koti tisalitembenuze," anatero a Binali. "Awa si a nkhuku. Ukalitembenuza, wapha."

Anazimitsa getsi n'kugunditsa tochi pa dzira limodzi. Dziralo linawala kufiira, mitsempha ili yangayanga, ndipo mkatimo kamthunzi kanadzigwedeza pang'onopang'ono. Hajara anagwira pakamwa.

3. Mazira opsa

Lolemba lina atatsegula shedi, anakumana ndi fungo loipa pakhomo pomwe. A Binali anaponya chikwama pansi n'kuthamangira ku kachipinda kaja. Galasi la chofungatira linali lotentha moti sukanasiyapo dzanja.

Magetsi anali atathima Loweruka, monga amachitira ku Joni masiku ano, ndipo pobwera anabwera ndi mphamvu n'kuwotcha kachipangizo koletsa kutentha kupitirira. Mazira anaphikika Lamulungu lonse popanda woona. Ambiri anali atafwapa, ena atasanduka obiriwira.

Bwana anabwera, anayang'ana, anatukwana m'chilankhulo chake. Kenaka analamula kuti mazira onse, abwino ndi oipa omwe, aponyedwe mu firiji ya makoswe akufa kuti aume. Anakwera galimoto yake n'kumapita.

Hajara ndiye anapatsidwa ntchito yowatola. Koma mwana wokulira pakati pa nkhuku uja sakanataya dzira osaliwunika. Anatenga tochi. Loyamba, mdima. Lachiwiri, mdima. Pakona ya bokosi lapansi anapeza awiri amene mitsempha yake inali ikadali yofiira, timithunzi tikugwedezeka.

"Amalume! Awa ali moyo!"

A Binali anabwera, anawunika, napukusa mutu.

"Moyo ulimo, sindikukana. Koma ndi moyo wanji? Khala pansi ndikuuze. Mwana wa njoka m'dziramu, chachikulu chake ndi msana. Timafupa tambirimbiri timandandalikana ngati mikanda pa ulusi. Kutentha kukapitirira muyeso, kaya kukamangokwera n'kutsika, mikanda ija imamatirana mokhota, ndipo siwongokanso mpaka kalekale. Kanjoka kamatuluka kali ndi mfundo pamsana. Zimachitikanso dzira likauma kwambiri, kapena mayi wake akakhala kuti sankadya mokwanira poikira. Zimachitikanso anthu adyera akamakweretsa mwana pa mayi wake, mlongo pa mlongo wake, pofuna mtundu wokongola wodula. Magazi apachibale amabwezera, ngakhale kwa njoka. Koma apa palibe zofufuza. Apa ndi moto."

"Mwina awiriwa apulumuka, amalume."

"Ndaswetsa mazira opsa kangapo konse. Kena kamatuluka kokhota pang'ono kumchira, n'kukhala moyo. Koma moto wa tsiku lonse ngati uwu, iwe! Kamatuluka kopindika pakati penipeni. Kakameza khoswe, chakudya sichidutsa pamfundopo. Kamafa pang'onopang'ono, mimba ili tuu. Ukakataya lero sikadziwa kanthu. Ukakadikira kaswe, wakaitanira mavuto ndiwe. Chifundo chinapha nkhwali, Hajara. Ponya mu firijimo."

Atatero anatuluka kukakolopa. Hajara anatsegula firiji ya makoswe, nthunzi yozizira n'kumuwomba kumaso. Anaponyamo mazira onse akufa. Awiri aja anawayang'ana, nawayang'ananso.

Abale, mwana uyu! Anatenga kachidebe ka ayisikilimu kamene ananyamuliramo mpunga wa masana, anathiramo dothi lonyowa la m'bokosi lija, n'kukhazikamo mazira awiriwo, timitanda tili m'mwamba. Madzulo anakwera nako takisi, kali m'chikwama pamiyendo pake, amalume ake ali pambali akuwodzera.

4. Kuseri kwa firiji

A Asma ankagulitsa zakumudzi m'chipinda chawo chomwecho: usipa, utaka, nandolo, ufa woyera, zonse zobwera ndi madalaivala a mabasi. Malonda ankayenda, moti anagula firiji yawoyawo, chinthu chimene mabanja ena m'nyumbamo analibe. Pamaso anthu ankawayamikira. Kumbali ankafunsana kuti mayi wopanda mwamuna zikumuyendera bwanji chonchi.

Kuseri kwa firijiyo kunali kofunda usana ndi usiku. Hajara anaboola timabowo pachivundikiro cha kachidebe kaja, anakakulunga m'chitenje chakale chofiira cha amayi ake, n'kukakankhira kumeneko. Amayi ake akapita kukasamba, iye ankakasolola, n'kuwaza timadzi pa dothi lija.

Khoma limodzi ndi chipinda chawo kunali a Esime ndi amuna awo a Mubarak, nawonso a ku Ntaja. Bambowa ankanyamula katundu pa golosale ina yaikulu, mpaka tsiku limene mulu wa matumba a mpunga unawagwera. Chichokereni kuchipatala, msana wawo unapindikira kumanzere. Ankayenda chambali, ndi ndodo, ndipo ntchito inatha. A Esime anawonda ndi maganizo. Ankauza aliyense kuti matumba aja sanagwe okha.

Holide inatha, mnzawo wa a Binali anabwerera, ndipo Hajara anasiya kupita ku Marlboro. Mazira aja anayamba kufwapa pang'ono pamwamba. Tsiku lina atawasolola, limodzi linadzigwedeza lokha m'manja mwake.

Usiku wake sanadye bwino. Kodi akaswa adzatani nawo? Funso limeneli anali asanadzifunsepo.

5. Lachisanu masana

Linali Lachisanu, amuna onse ali ku mzikiti. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndipo firiji ya a Asma inayamba kudontha madzi mpaka kuyenderera pakhonde. Hajara anali atangofika kuchokera kusukulu, ndipo anali kumpopi kuseri, akuchapa yunifolomu.

A Asma anaitana a Esime kuti awathandize kukoka firijiyo, akolope. Anaikoka. Kuseri kwake kunali kamtolo kofiira.

"Sisi, ichi n'chiyani?" anafunsa a Esime.

"Kaya. Chitenjecho ndi changa, koma ndinachisowa kalekale."

A Esime anamasula chitenjecho n'kutsegula chivundikiro. Mfuu imene anaikuwa inamveka mpaka kumsewu.

Hajara anafika akuthamanga, thovu lili m'manja. Amayi a m'nyumba monse anali ataunjikana kale pakhomo. Kachidebe kanali katagwa chammbali pakati pa chipinda.

Kanjoka kamodzi kanali katatuluka. Kanali koyera, konyowa, kotalika ngati lula ya kusukulu. Pakati pa msana wake panali popindika mwamphamvu ngati waya wothyoledwa, ndipo chakumchira kunali mfundo ina. Kankayesa kukwawa kupita kutsogolo, koma thupi linkakakokera kumanzere, n'kumangozungulira pamalo amodzi m'madzi aja. Kankazungulira, kuzungulira, popanda phokoso lililonse.

Dzira linalo linali litang'ambika pamwamba, pafupi ndi kamtanda kaja. Pamng'alupo panali thovu, ndipo m'thovumo munasuzumira kamutu. Kanayang'ana anthuwo, kanatulutsa lilime, n'kubwerera mkati.

Kenaka pakhonde panamveka ndodo: go, go, go. Anali a Mubarak, amene sankatha kufika ku mzikiti, akubwera chambali kudzaona chimene chachitika. Amayi aja anawapatukira. Bambowo anaima pakhomo, msana utapindikira kumanzere, akuyang'ana kanjoka kopindikira kumanzere.

Anthu anayang'ana kanjoka. Anayang'ana a Mubarak. Anayang'ananso kanjoka.

"Msana wa amuna anga!" anakuwa a Esime. "Suwu msana wa amuna anga uwu! Asma, wandipha ine! Mazira olembedwa, chitenje chofiira, khoma limodzi ndi bedi lathu! Ndinkanena ine kuti matumba aja sanagwe okha!"

"Sindikudziwa kanthu, sisi! Mulungu ndi mboni yanga!"

"Ndiye zalowa zokha? Zadzikulunga zokha m'chitenje chako?"

A Asma anaponya maso uku ndi uku, mpaka anamupeza mwana wawo pakati pa anthu.

"Hajara, m'chipinda muno timagona awiri. Ukudziwapo kanthu, mwanangu?"

Maso onse anatembenukira kwa mtsikanayo. Apa ndiye panali ponenera, pamene nkhani inali idakali pakati pa amayi okhaokha, isanatuluke pageti. Koma Hajara anakumbukira lumbiro lija, anakumbukiranso kuti mazirawo anachita kuba. Anapukusa mutu.

Inde, anapukusa mutu, amayi ake akumuyang'ana.

6. Manja a amalume

Amuna pobwera ku mzikiti anapeza pakhonde posapondeka. Anthu a m'nyumba zoyandikana anali atalowa kale, ndipo anyamata ena anali atakweza mafoni m'mwamba, akujambula kanjoka, chitenje, nkhope ya a Asma ndi msana wa a Mubarak.

A Asumani, bambo wachikulire amene mwini nyumba anawasiyira kuyang'anira ochita lendi, anamvetsera mbali ya a Esime.

"Mayi Asma, ine sindiweruza za mumtima mwa munthu," iwo anatero. "Koma m'nyumba muno muli ana, muli odwala. Usiku wa lero palibe amene agone mukakhala muli muno. Dzuwa lisanalowe mukhale mutatuluka."

A Binali analiponso, atavala mkanjo wawo woyera. Atasuzumira m'chipindamo n'kuona kamtanda ka pensulo, anadziwa zonse. Anamuyang'ana Hajara, Hajara n'kugwetsa nkhope. Nawonso anabwerera kumbuyo kwa anthu.

Anthu sanadikire dzuwa. Wina ananyamula thumba la usipa n'kuliponya pabwalo. Wina anatulutsa matiresi. Ufa unakhuthuka pamasitepe. A Asma anagwada pansi n'kumagwira anthu miyendo, akulira mokweza, mpango utagwa kumutu.

Hajara anali asanaonepo tsitsi la amayi ake pagulu. Zimenezi ndizo zinamutsegula pakamwa.

"Siyani! Ndine! Mazirawo ndinabweretsa ndine! Amayi sakudziwa kanthu!"

Phokoso linatsika.

"Unawatenga kuti?" anafunsa a Asumani.

"Ku Marlboro. Kuntchito kwa amalume. Amaweta njoka za mzungu. Mazirawo anapsa ndi magetsi, anati nditaye, ine ndinawamvera chisoni."

"A Binali amapakira makatoni," anatero mayi wina.

A Binali anatulukira kutsogolo. "Mwanayu akunena zoona. Makatoni aja linali bodza. Abale anga, ndimvereni. Kupindika kumene mukukuonaku si msana wa munthu ayi. Ndi kutentha. Dzira la njoka likatenthedwa kupitirira muyeso, mafupa amakhota mwana adakali mkati. A Mubarak anavulala mazirawa asanaikiridwe n'komwe. Amene akukayika, tiyeni mawa ndikakuonetseni malowo."

Mwina akanawamvera. Ena anali atayamba kuyang'anana mokayika. Koma nthawi yomweyo mnyamata wina anakweza chitsulo kuti aphwanye kanjoka kaja, ndipo manja a a Binali anachita zimene anazolowera kwa zaka zonse zija. Anawerama, anakatola ndi manja awiri, mwaulemu ngati akutola mwanapiye. Kanjokako kanadzikulunga pa chala chawo mmene kakanathera, n'kukhala phee.

Anthu anabwerera m'mbuyo onse pamodzi.

"Mwaona?" ananong'ona a Esime. "Kakuwadziwa."

"Eshi, ndiye ndi banja lonse!" anakuwa wina kumbuyo. "Mlongo aweta, mlongo agulitsa, mwana anyamula!"

Munthu amene wakunamiza zaka zambiri, tsiku limene wanena zoona umamukhulupirira bwanji? Palibenso amene anafuna kumva za kutentha. A Asumani anangoloza kugeti, ndipo ulendo uno analoza onse atatu.

7. Panja pa geti

Chakumadzulo, katundu wawo anali ataunjikidwa m'mbali mwa msewu, firiji itaima pakati ngati mlendo. Mitambo yakuda inali ikusonkhana chakumwera. A Binali anali atapita kukasaka bakki, galimoto ya katundu, yoti iwanyamule, kachidebe kaja kali m'thumba la pulasitiki. Anati tinjokato akatisiya ku Marlboro, ndipo ngati bwana awachotse ntchito, awachotse.

Odutsa ankawolokera tsidya lina la msewu. Pamawindo a nyumba ija makatani ankagwedezeka.

A Asma anakhala pa matiresi, atamanganso mpango wawo. Misozi inali itauma. Hajara anagwada patsogolo pawo.

"Amayi, ndikhululukireni."

A Asma anayankha ndi mawu otsika.

"Za mazira sindikukwiyira kwambiri. Unalakwa, unaba, sunamvere amalume ako, koma unachita ndi mtima wachisoni, ndipo mtima umenewo ndinakupatsa ndine. Chimene chikundiwawa ndi mutu wako uja. Ndinakufunsa pamaso pa anthu, iwe n'kupukusa. Ukanayankha pomwe paja, tikanakhala amayi asanu m'chipinda, ndikanakumenya mbama, a Esime akanatukwana, nkhani n'kuthera m'nyumba. Unadikira mpaka amuna abwere, mafoni akwere m'mwamba. Choonadi chili ngati mankhwala, mwanangu, chimafuna nthawi yake. Ukachibweretsa wodwala atatsirizika, sichidzutsa munthu. Ndipo lumbiro limene likukuuza kuti uwasiye amayi ako akumira, limenelo si lumbiro losunga. Ine dzina langa ndalisamala kuyambira tsiku limene bambo ako anamwalira. Ndilibe munda kuno, ndilibe mwamuna. Ndinali ndi dzina lokhalo."

Hajara analira mosadzigwira. Ankalakalaka amayi ake akanangomumenya.

Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pa firiji. Nthawi yomweyo foni ya a Asma inalira. Inali nambala ya kumudzi. Anali Swaleh, mlongo wake wa Hajara wa zaka khumi ndi ziwiri, amene anatsala ku Ntaja ndi amayi ake aang'ono. Mnyamatayo sankaimba wamba, ankangodikira kuimbiridwa.

A Asma anayankha. Hajara anasendeza khutu.

"Amayi?" Mawu a Swaleh anali onong'ona. Kumbuyo kwake kunkamveka chiphokoso cha anthu ambiri, ndi chitseko chikumenyedwa. "Amayi, vidiyo yanu yafika kuno. Aliyense waiona. Achibale a a Mubarak abwera, adzaza pabwalo. Ife tadzitsekera m'nyumba. Akuti titulutse njoka zinazo, apo ayi ayatsa denga. Amayi, njoka zake ziti?"

"Swaleh! Swaleh, apatse foni amayi ako aang'ono!"

Kunamveka kusweka kwa galasi, kenaka foni inaduka.

A Asma anaimbanso. Sinalowe. Anaimbanso, osalowa. Anatembenuka n'kumuyang'ana Hajara, ndipo ulendo uno sanamufunse kanthu.